Chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga chikamakana mankhwala

Funso: Bambo anga ali ndi zaka 64 ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zingapo. Miyezi iwiri yapitayo anabayidwa ndi chisonga kunsi kwa phazi ali kudimba, koma sanamve kupweteka, moti tinazindikira mochedwa titaona magazi m'jombo yawo. Tinawagulira makapusozi a amoxicillin pagolosale, kenako Bactrim, ndipo ufa wa makapusozi ena tinkawaza pachilondapo. Pambuyo pake anabayitsako majakisoni kwa masiku ochepa. Chilondacho sichikupola, tsopano chikununkha, chikutuluka mafinya, ndipo phazi latupa. Anthu ena akuti thupi lawo linazolowera mankhwala. Kodi ndi zoona? Nanga ndi mankhwala ati amphamvu omwe tingawagulire? Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu.

Yankho: Mayi, ndisanafotokoze china chilichonse, ndikupempheni kuti bambowo mupite nawo kuchipatala cha boma ku Ntcheu lero kapena mawa m'mawa, ndipo musadikire tsiku lawo la kiliniki ya shuga. Chilonda cha miyezi iwiri chimene chikununkha, chikutuluka mafinya ndipo chatupitsa phazi la munthu wa shuga si chosamalira kunyumba. Ngati akutentha thupi, akunjenjemera, akusanza, akusokonezeka maganizo, kapena ngati chala china chayamba kuda kapenanso kufiira kwa khungu kukukwera kulowera kumwendo, ndiye kuti ulendowo ndi wa ola lomwe lino, ngakhale utakhala usiku. Dzina la mankhwala oti mukagule sindikupatsani, ndipo ndikufuna kuti pofika kumapeto kwa yankholi muone nokha kuti kukana kwangaku si kuuma mtima.

Anthu amene akunena kuti thupi la bambo linazolowera mankhwala aona chinthu chenicheni koma achiika pamalo polakwika. Thupi la munthu silizolowera amoxicillin. Amene amasintha ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene takhazikika m'chilondamo. M'chilonda chimodzi mumakhala mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri, nthawi zambiri a mitundu ingapo, ndipo ena mwa iwo amatha kuchulukana kawiri pasanathe ola limodzi ngati zinthu zikuwayendera bwino. Munthu akamwa mankhwala opha mabakiteriya (maantibayotiki), amene amafa msanga ndi ofooka, ndipo amene ali ndi njira yodzitetezera amatsala, napeza malo ndi chakudya chomwe anzawo asiya. Mankhwalawo akakhala ochepa mlingo, akamwedwa modumphadumpha, akakhala osayenera mtundu wa mabakiteriyawo, kapena akamwedwa kwa nthawi yaitali popanda chifukwa, ntchito yomwe amagwira ndi yosankha olimba n'kuwasiya kuti aberekane. Alimi a chimanga amazidziwa bwino zimenezi: mukathira mankhwala osakwanira m'matumba chaka ndi chaka, anankafumbwe amene amatsala ndi aja osamva, ndipo mbewu yawo ndi imene mumakumana nayo chaka chotsatira. Chinanso chovuta ndi chakuti mabakiteriya amatha kupatsirana luso lodzitetezerali ngakhale ali a mitundu yosiyana, moti luso limene linayambira m'matumbo a munthu wina, kapena m'khola la nkhuku zomwetsedwa maantibayotiki, likhoza kupezeka tsiku lina m'chilonda cha munthu amene sanamwepo mankhwalawo.

Nkhaniyi si yatsopano. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti munthu womwa mlingo wochepa akhoza kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo. Bakiteriya amene amapezeka kwambiri m'zilonda za kuphazi kwa anthu a shuga, Staphylococcus aureus, ndi mmodzi mwa oyamba kuonetsa zimenezi. Masiku ano ambiri a mtundu umenewu amapanga madzi amene amaphwanya penicillin ndi amoxicillin asanagwire ntchito, ndipo pachifukwa chimenechi amoxicillin payekha sanali mankhwala oyenera chilonda cha bambo ngakhale pa tsiku loyamba. Mankhwala amene anapangidwa kuti athane ndi vutoli, a m'gulu la methicillin, cloxacillin ndi flucloxacillin, nawonso sanatenge nthawi: mu 1961 ku Britain kunapezeka Staphylococcus aureus wosamva methicillin, amene madokotala amamutcha MRSA, ndipo lero ali pa dziko lonse.

Komabe kumadera otentha ngati kwathu kuno, ndiponso pa chilonda chimene chatenga nthawi ndipo chalandirapo mankhwala osiyanasiyana, Staphylococcus kawirikawiri sakhala yekha. Mumapezekanso mabakiteriya a m'matumbo monga Escherichia coli (mwachidule E. coli), Klebsiella ndi Proteus, komanso Pseudomonas aeruginosa amene amakonda malo a chinyezi, ndipo sindidabwa kumupeza paphazi limene latha tsiku lonse m'jombo yonyowa pothirira mbatata ya kachewere kapena kabichi kudimba. Pseudomonas mwachibadwa samva amoxicillin kapena Bactrim, ngakhale munthu atamwa mokhulupirika chotani. Palinso gulu lina la mabakiteriya amene amakhala bwino malo opanda mpweya, m'kati mwa mnofu wakufa, ndipo nthawi zambiri ndi amene amabweretsa fungo limene mwatchulalo.

Za dziko lathu tili ndi umboni wooneka. Ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2017. Pakati pa 2003 ndi 2016, chiwerengero cha E. coli wosamva mankhwala a gulu la jakisoni wotchedwa ceftriaxone chinakwera kuchoka pa wosakwana mmodzi pa 100 aliwonse kufika pafupifupi 30 pa 100 aliwonse, pamene cha Klebsiella chinachoka pafupifupi pa 12 kufika pa 90 pa 100 aliwonse. Mu 2016, pafupifupi 18 mwa Staphylococcus aureus 100 aliwonse anali MRSA. Ziwerengerozi ndi za matenda a m'magazi pachipatala chachikulu chotumizirako odwala, osati za zilonda za kuphazi ku Ntcheu, choncho musazitenge ngati chithunzi cha phazi la bambo. Chimene zikutiuza ndi chakuti ceftriaxone, jakisoni amene anthu ambiri amamukhulupirira ngati mapeto a zonse, akulephera pa mabakiteriya ambiri m'dziko muno, ndipo mankhwala otsatira pamenepo, monga meropenem, ndi odula, osowa, operekedwa kudzera m'mitsempha kwa munthu amene wagonekedwa m'chipatala. Simungawapeze pagolosale ku Tsangano kapena ku Lizulu, ndipo wina akakuuzani kuti ali nawo, muthaweni.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri, ngakhalenso ena a ife ogwira ntchito zachipatala, timasochera. Chilonda cha munthu wa shuga chikamakana kupola, kusamva mankhwala kwa mabakiteriya ndi chimodzi chabe mwa zifukwa, ndipo nthawi zambiri si chachikulu. Mwa zifukwa zinazo, choyamba ndi mnofu wakufa ndi mafinya otsekeka. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, koma satseka chilonda. Kuti afike pomwe pali mabakiteriya, amayenda ndi magazi, ndipo pali malo atatu amene magazi safikako bwino: m'mnofu wakufa, m'thumba la mafinya lotsekeka, ndi m'chidutswa cha fupa limene lafa. Mukhoza kukhala ndi mankhwala oyenera ndithu, amene m'labotale akupha bakiteriyayo mosavuta, koma ngati mafinya atsekeredwa pansi pa khungu lokhuthala la kuphazi, mankhwalawo azingozungulira kunja. Phazi lili ndi zipinda zopanikizika zogawidwa ndi minofu yolimba, ndipo mafinya akachuluka m'chipinda chimodzi amafinya timitsempha ta magazi, mnofu n'kuyamba kufa, kenako amatsata mitsempha ya zala kulowera chakumwendo. Mankhwala a vuto limeneli ndi mpeni wa dokotala: kutsegula, kutulutsa mafinya, ndi kudula mnofu wonse wakufa mpaka pafike wamoyo wotuluka magazi. Ntchito imeneyi nthawi zina imachitika kangapo. Mabanja amachita nayo mantha chifukwa chilonda chimaoneka chachikulu pambuyo pake kuposa poyamba, koma kukulako kumangoonetsa poyera pomwe matenda anali atafika kale mobisika.

Pamwamba pa chilonda chokhalitsa, mabakiteriya amamanganso kansalu koterera kamene amabisalamo, ndipo ali m'menemo amapirira mlingo wa mankhwala woposa kwambiri umene ungawaphe ali paokha. Kansalu kameneka kamachoka ndi kupala ndi kutsuka, osati ndi mapiritsi.

Chifukwa chachiwiri ndi fupa. Chilonda cha kunsi kwa phazi chimene chatha miyezi iwiri chiyenera kuganiziridwa kuti mwina chafika pafupa mpaka zitatsimikizika kuti sichinafike. Kuchipatala dokotala amalowetsa kachitsulo kophitsidwa, kosasongoka, m'chilondamo, ndipo akakhudza chinthu cholimba, chokhakhala, mpata woti fupa lagwidwa ndi matenda umakhala waukulu. Adzajambulanso X-ray, ngakhale kuti chithunzi chikhoza kuoneka chabwino m'masabata awiri kapena atatu oyambirira a matenda a fupa, moti nthawi zina amajambulanso patapita nthawi. Kudziwa zimenezi n'kofunika chifukwa kumasintha chithandizo chonse. Matenda a khungu ndi mnofu okha kawirikawiri amafuna maantibayotiki kwa sabata imodzi kapena awiri, mwina kupitirirapo pang'ono ngati afalikira kwambiri, pamene matenda a fupa limene silinachotsedwe amafuna pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Munthu amene fupa lake lagwidwa akamamwa makapusozi a masiku asanu, n'kusiya, n'kuyambanso ena mwezi wamawa, chilonda chimaoneka ngati chauma kenako n'kuphulikanso, ndipo ulendo uliwonse mabakiteriya otsalawo amakhala olimba kuposa kale.

Chachitatu ndi kayendedwe ka magazi. Matenda a shuga amachepetsa mitsempha yopititsa magazi kumiyendo, makamaka ya kunsi kwa bondo, ndipo vutoli limakula ngati munthuyo amasuta fodya kapena ali ndi BP. Phazi lopanda magazi okwanira silipola ngakhale mabakiteriya onse atafa. Dokotala adzagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve kugunda kwa magazi, ndipo ngati sakukumva, akhoza kuwatumiza bambo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe zipatala za Ntcheu ndi Dedza zimatumiza odwala ofunika akatswiri.

Chachinayi, chimene anthu amachipeputsa kuposa zonse, ndi kupondera chilonda. Mwanena kuti bambo sanamve kupweteka pamene anabayidwa. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti shuga anawononga kale mitsempha imene imathandiza munthu kumva kukhudza, kutentha ndi ululu kumapazi. Munthu wopanda vutoli akakhala ndi chilonda kuphazi amatsimphina, ndipo kutsimphinako kumateteza chilondacho. Bambo anu satsimphina chifukwa sakumva kanthu, choncho akhala akupondera chilondacho ndi thupi lonse popita kudimba, kutchalitchi kapena kumaliro, ndipo sitepe iliyonse imaphwanya mnofu watsopano umene unayamba kumera usiku, n'kukankhira mafinya m'kati. Ndaonapo zilonda zimene zinakana mankhwala amitundumitundu zikuyamba kutsekeka munthu atangogonekedwa m'wodi, osati chifukwa cha jakisoni watsopano, koma chifukwa phazi linapuma. Ndikudziwa kuti kuuza mlimi wa ku Tsangano kuti asaponde pansi pamene mbatata ikufuna kuthiriridwa ndi nkhani yovuta, koma banja liyenera kugawana ntchitoyo, ndipo bambo ayende ndi ndodo za kuchipatala kapena avale chimene achipatala angawakonzere chochotsa kulemera pamalo a chilondacho.

Shuga weniweniyo ndiye amamanga zonsezi pamodzi. Akakwera m'magazi, maselo oyera amene amalimbana ndi mabakiteriya amagwira ntchito mofooka, ndipo matenda a m'chilonda nawonso amakweza shuga, moti zinthu ziwirizi zimakokerana kuphompho. Musadabwe achipatala akawaika bambo pa insulin pamene agonekedwa, ngakhale kuti kunyumba amamwa metformin kapena glibenclamide. Nthawi zambiri zimakhala za kanthawi, kufikira matenda atazizira.

Tsopano tibwerere ku mabakiteriya, chifukwa n'zothekadi kuti m'chilonda cha bambo muli osamva mankhwala. Zinthu zimene zimakweza mpata umenewu zilipo pa nkhani yawo: chilonda chokhalitsa, ndi maantibayotiki angapo m'miyezi yochepa. Kugonekedwapo m'chipatala posachedwapa ndi matenda a fupa zimawonjezeranso. Koma palibe dokotala amene angayang'ane chilonda ndi maso, kapena kununkhiza fungo lake, n'kudziwa motsimikiza kuti muli MRSA kapena Klebsiella wosamva ceftriaxone. Njira yokhayo ndi kutenga kachidutswa ka mnofu kapena mafinya a m'kati, kukamera mabakiteriyawo m'labotale, kenako kuwayesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akuwapha. Zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira. Katengedwe kake n'kofunika kwambiri. Kupukuta pamwamba pa chilonda chosatsuka ndi kathonje kumangotola mabakiteriya ongodutsa amene amakhala pa chilonda chilichonse, ndipo zotsatira zake zikhoza kuchititsa dokotala kupereka mankhwala aakulu kwa mdani wolakwika. Choyenera ndi kutsuka ndi kupala chilonda kaye, kenako kutenga kamnofu ka pansi pake, kapena kachidutswa ka fupa ngati fupa likukayikiridwa. Si zipatala zonse zimene zimakhala ndi zipangizo za ntchitoyi nthawi zonse, choncho funsani mwaulemu ngati n'zotheka kuyeza pomwepo kapena kutumiza kuchipatala chachikulu. Funso limeneli ndi ufulu wanu, ndipo wogwira ntchito wabwino sakhumudwa nalo.

Podikira zotsatira, dokotala sakhala manja lende. Amayamba ndi mankhwala amene akuganiza kuti agwira mabakiteriya odziwika pa chilonda cha mtundu umenewo, poyang'ana kukula kwa matenda, mankhwala amene munthu wamwapo kale, ndi mmene impso zake zikugwirira ntchito. Apa ndi pamene inu mungathandize kuposa wina aliyense. Tengani mapaketi ndi timapepala tonse ta mankhwala amene bambo amwa kapena kubayidwa m'miyezi itatu yapitayi, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo nenani zonse mosabisa, kuphatikizapo za pagolosale ndi za kwa asing'anga ngati anapitako. Anthu ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ndipo dokotala amabwereza mankhwala omwe alephera kale, masiku ena n'kutayikanso. Zotsatira zikabwera, mankhwala akhoza kusinthidwa, ndipo nthawi zina amasinthidwa kupita ku ena ooneka wamba, a mapiritsi otchipa. Zikatero musaganize kuti bambo achepetsedwa. Pa nkhani ya maantibayotiki palibe amphamvu kapena ofooka mwa iwo okha. Pali ogwirizana ndi bakiteriya amene alipo ndi osagwirizana naye. MRSA wina amafa ndi doxycycline kapena cotrimoxazole (dzina lina la Bactrim) pamene ceftriaxone samukhudza n'komwe. Jakisoni sapambana piritsi chifukwa choti ndi jakisoni ayi. Amaperekedwa pamene matenda ndi aakulu, pamene munthu akusanza, kapena pamene mankhwala oyenerawo alibe a kumwa.

Pali chifukwa chinanso chimene sindingakutchulireni dzina loti mukagule, ndipo n'chokhudza chitetezo cha bambo. Anthu ambiri amene akhala ndi shuga kwa zaka amakhala ndi impso zofooka osadziwa. Gentamicin, jakisoni amene amapezeka mosavuta, akhoza kuwononga impso zoterozo komanso makutu. Bactrim akaphatikizana ndi glibenclamide akhoza kutsitsa shuga mpaka munthu kukomoka, ndipo ciprofloxacin nayenso amatha kusokoneza shuga, kumukweza kapena kumutsitsa. Wogulitsa pagolosale kapena pamsika sadziwa zimenezi, sayeza impso, ndipo mankhwala ake mwina akhala padzuwa kapena anatha mphamvu kalekale. Malamulo a dziko lino, amene bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limayang'anira, salola kuti maantibayotiki azigulitsidwa mwa njira imeneyi. Sindikukudzudzulani, Mayi, pakuti ndikudziwa kuti mtunda wochoka ku Tsangano kukafika ku boma ndi wautali, thiransipoti ndi yodula, ndipo golosale ili pafupi. Koma ndalama zimene zapita pa makapusozi m'miyezi iwiriyi mwina zikanakwana ulendowo.

Za ufa wa makapusozi umene mumawaza pachilonda, lekani lero lomwe. Chizolowezichi chafala kwambiri m'midzi yathu ndipo ndimachiona ngati imodzi mwa njira zachangu zophunzitsira mabakiteriya kupirira, chifukwa ufawo sulowa m'kati momwe muli matenda, umangokhudza a pamwamba ndi mlingo wosadziwika, ndipo umaumitsa chikhungu pamwamba chimene chimatsekera mafinya pansi. Chimodzimodzinso phulusa, dothi, mafuta a galimoto, masamba otafuna, kapena kutema mphini paphazi lotupa: mphini iliyonse ndi khomo latsopano la mabakiteriya paphazi limene silitha kudziteteza. Musaviike phazilo m'madzi otentha a mchere, chifukwa munthu wosamva kutentha amapsa osadziwa, ndiponso kuviika kumafewetsa khungu n'kulipangitsa kung'ambika. Pokonzekera ulendo, tsukani chilondacho ndi madzi owiritsa amene azizira, chiphimbeni ndi nsalu yoyera yochapa ndi kusita, musamange mothina, ndipo bambo akwere galimoto kapena njinga osayenda pansi. Mukafika, kumbutsani achipatala kuti chinawabaya ndi chisonga cha m'dothi, kuti aone ngati akufunika katemera wa kafumbata.

Mwina mukuopa kuti mukapita kuchipatala akawadula mwendo, pakuti mantha amenewa ndi amene amasunga anthu ambiri kunyumba, ndipo m'mudzi simulephera kukhala nkhani ya wina amene anapita ndi chilonda n'kubwerako ndi mwendo umodzi. Sindingakulonjezeni kanthu ndisanalione phazilo. Chimene ndinganene ndi chakuti anthu ambiri amene amadulidwa mwendo ndi amene anafika matenda atadutsa kale pa kakolo kapena atalowa m'magazi, ndipo amene amafika msanga kawirikawiri amathandizidwa ndi kutsegula ndi kutsuka chilonda, mwina ndi kuchotsa chala chimodzi kapena kachidutswa ka fupa. Dokotala akanena kuti chala chichotsedwe, funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musathawe nawo bambo usiku, chifukwa kuchotsa fupa lowola la chala chimodzi nthawi zambiri ndi kumene kumapulumutsa phazi lonse, ndipo kumafupikitsanso nthawi yomwa maantibayotiki. Palibe opaleshoni imene ingachitike popanda chilolezo cha mwini wake.

Ngati labotale itapeza kuti mulidi mabakiteriya osamva mankhwala, zimenezo sizitanthauza kuti chilondacho sichingapole. Zikutanthauza kuti mankhwala ayenera kusankhidwa mosamala, kuti mwina bambo akhala m'chipatala nthawi yotalikirapo, ndiponso kuti ntchito yotsuka chilonda, kupumitsa phazi ndi kutsitsa shuga yakula kufunika kwake. Zikutanthauzanso kuti osamalira odwala asamale: sambani m'manja ndi sopo musanagwire chilonda ndiponso mukamaliza, mabandeji akale atenthedwe kapena atayidwe m'chimbudzi chokumba, ndipo beseni, thaulo ndi lumo la bambo zikhale zawo okha. Munthu wathanzi kawirikawiri sadwala nawo mabakiteriyawa, koma akhoza kuwanyamula m'manja kapena m'mphuno n'kukawapatsira mwana wakhanda, mayi amene wangochitidwa opaleshoni, kapena wina amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika.

Mankhwala akaperekedwa, amwedwe pa nthawi yake ndi kwa masiku onse amene dokotala wanena, osagawirako wina, osasungako ena kuti adzathandize tsiku lina. Koma masikuwo akatha ndipo kutupa, kufiira, kutentha ndi mafinya zatha, musaumirire kuti awonjezere ena chifukwa choti chilonda sichinatsekeke. Malangizo a akatswiri a bungwe la International Working Group on the Diabetic Foot amanena momveka kuti chilonda chopanda zizindikiro za matenda sichifuna maantibayotiki, ndipo kuwapereka sikufulumizitsa kupola. Chilonda chachikulu cha kuphazi chimatha kutenga miyezi kuti chitsekeke, ndipo pa nthawi yonseyo chimafuna kutsukidwa, kumangidwa ndi kusapondedwa. Mabanja ambiri amene amabwerera ku golosale amatero pa nthawi imeneyi, poona kuti papita masabata chilonda chikadalipo. Chimene muyenera kuyang'anira ndi kubwerera kwa zizindikiro zija, kapena shuga kukwera popanda chifukwa chodziwika, ndipo zikaoneka, bwererani kuchipatala, osati ku mankhwala otsala. Kumbukiraninso kuti munthu wa shuga akhoza kukhala ndi matenda aakulu kuphazi koma osatentha thupi ndiponso osamva ululu, choncho musadikire zizindikiro ziwirizi.

Phazi linalo nalonso lili pa chiopsezo chomwecho, pakuti mitsempha imawonongeka mbali zonse ziwiri, ndipo tsopano lizinyamula thupi lonse. Wina m'banjamo aziliyang'ana tsiku lililonse poyera, kunsi, kuchidendene ndi pakati pa zala, kufunafuna ming'alu, matuza, matekenya, minga kapena malo amene asintha mtundu. Matekenya asachotsedwe ndi singano kapena pini kunyumba, ndipo khungu lokhuthala lisapalidwe ndi lumo. Kwanuko kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo chaka chilichonse anthu a shuga amapsa mapazi powotha moto kapena pogona pafupi ndi mbaula osamva kanthu, choncho bambo azivala masokosi m'malo mosendeza mapazi kumoto. Asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo, azikutumula nsapato ndi kupisamo dzanja asanavale, ndipo akadzachira n'kubwerera kudimba, jombo izikhala youma m'kati, yosathina, yovalidwa ndi masokosi, ndipo izivulidwa akangoweruka kuti mapazi atsukidwe, apukutidwe ndi kuyang'anidwa. Pa ulendo uliwonse wa ku kiliniki ya shuga, bambo azivula nsapato zonse ziwiri asanafunsidwe, kuti namwino kapena dokotala aone mapaziwo.